Duwa la Mutu Wanyankhalala la m'Thengo la kwa Katuli

Ndinakulira kwa Katuli, m'mapiri a kum'mawa kwa boma la Mangochi. Ndili mwana, pokadyetsa mbuzi m'nkhalango ya mitengo ya mombo ndi misuku, ndinkaona kachitsamba kena komwe maluwa ake amazyolika ngati mwana wamanyazi. M'nkhani ino ndifotokoza za chomerachi, chomwe akatswiri amachitcha Clematis villosa.

Poyamba, dzina lenilenilo lili ndi phunziro kwa ife ophunzira zinenero. Chomerachi chili m'banja la Ranunculaceae, dzina lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kachule, poti abale ake ambiri amakonda malo a chinyontho. Liwu loti Clematis ndi la Chigiriki ndipo limanena za chomera choyanga, pamene villosa akutanthauza chaubweya. Ubweyawo ulipodi pa tsinde ndi pa masamba, koma chathuchi sichiyanga. Chimaima chokha, kufika cha m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Chachiwiri, duwa lake limanyenga maso. Timasamba tinayi toyera kapena tofiirira tomwe timakongoletsa duwalo ndi tija timakuta mphukira pa zomera zina. Mkati mwake muli tinthambo tambirimbiri ta mungu. Duwa likafota, kambewu kalikonse kamatsala ndi kamchira ngati nthenga, ndipo mutu wonse umaoneka wanyankhalala ngati tsitsi losapesa. Timichirati ndi tomwe timathandiza mphepo kumwaza mbewu.

Chachitatu, masamba ake ali ndi madzi owawa omwe amatha kuotcha khungu ndi m'kamwa. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake mbuzi zathu zinkangochilambalala.

Nanga chimapirira bwanji moto wolusa wa m'chilimwe? Chinsinsi chili pansi. Chili ndi chitsa cholimba chokwiririka m'nthaka. Moto umapsereza zakumtunda zokha, ndipo mvula ikagwa chimaphukanso n'kuchita maluwa m'dzinja.

Komabe chomwe moto unalephera, khasu likuchikwanitsa. Pamalo pomwe ndinkadyetsa mbuzi, lero pali minda, mitengo inapita ku makala. Khasu likazula chitsa, chomeracho sichibwereranso. Pomaliza, ndikupempha anzanga kuti popita ku tchuthi tikafunse agogo athu maina a zomera zotere m'Chiyao ndi m'Chichewa n'kuwalemba, chifukwa chomera chikatha m'thengo, dzina lake nalo silichedwa kutha pakamwa.