Firiji ili pansi pa mapazi athu

Ndili mwana, chitsime cha agogo chinkandizunguza mutu. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, madzi ake ankakhala ozizira bwino. Koma m'mawa wa mu Juni, madzi omwewo ankamveka ofunda. Kodi madziwo ndiwo ankasintha? Ayi ndithu. Umene umasintha ndi mpweya wa kunja kuno. Pansi pa nthaka kutentha sikusinthasintha kwenikweni.

Chifukwa chake n'chakuti dothi limachedwa kutenga kutentha, limachedwanso kukutaya. Kutentha kwa masana kumangolowa pafupifupi theka la mita basi. Mukakumba mamita 2 kapena 3, mupeza kuti chaka chonse dothi limakhala pafupi ndi avereji ya kutentha kwa deralo pachaka.

Ndiye taganizirani nyumba ya malata ku Nsanje kapena ku Chikwawa, komwe kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. M'nyumba mumasanduka uvuni: khanda silikugona, agogo akupuma movutikira, inu simungawerenge n'komwe. Makina oziziritsira m'nyumba ndi odula, komanso amafuna magetsi ambiri. Apa m'pamene dothi lingatithandize.

Omanga amakwirira paipi yotalika mamita 20 mpaka 30, mamita 2 pansi pa nthaka. Kukamwa kwake kumodzi kumakhala panja, pamthunzi, kwina kumatulukira m'chipinda. Mpweya wotentha ukamadutsa m'paipimo umasiya kutentha kwake m'dothi, n'kulowa m'nyumba utazizirako. Nanga chimaukoka n'chiyani? Paja tinaphunzira mu Physics kuti mpweya wotentha ndi wopepuka ndipo umakwera. Ukamatulukira pa chumuni kudenga, wozizira uja umalowa m'malo mwake. Kafani kakang'ono ka sola kamathandizanso. Mu Juni zimatembenuka: dothi limafunditsako mpweya wozizira wa usiku.

Nzeruyi si yatsopano. Ku Yazd, m'dziko la Iran, anthu akhala akukoka mpweya kudzera m'ngalande za madzi zapansi pa nthaka kwa zaka mazanamazana. Naye Francis Kéré, katswiri wojambula nyumba wa ku Burkina Faso, anaika mapaipi apansi pa nthaka mu pulani ya sukulu ya sekondale ya kwawo ku Gando.

Koma tisanamizane, dothi si matsenga. Silingaziziritse mpweya kuposa mmene ilo lazizirira, choncho kumalo otentha chaka chonse phindu lake limachepa. Chachiwiri, mpweya wachinyezi ukazizira umasiya madontho m'paipi. N'chifukwa chake paipi imayalidwa motsetsereka pang'ono kuti madzi azituluka, apo ayi mumamera nkhungu yomwe ingadwalitse anthu chifuwa. Pakamwa pake pamafunika sefa yotchinga udzudzu, makoswe ndi njoka. Polumikizira pazikhala potsekeka bwino kuti mpweya woipa wa m'nthaka, wotchedwa radon, usalowe. Ndipo komwe madzi amasefukira, ngati m'madera ena a m'chigwa cha Shire, paipi ikhoza kudzaza madzi.

Musangondikhulupirira, yesani nokha. Bwerekani thermometer ku labu, kumbani kadzenje ka theka la mita, muikemo n'kutseka bwino. Muziyeza m'dzenjemo ndi pamthunzi panja, 6 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, kwa sabata imodzi. Kenako jambulani girafu. Mzere umodzi uzidumphadumpha, winawo ukhala ngati wagona. Wogonawo ndiye firiji ya chitsime cha agogo ija.