Mtima wothina ndi sitima yokusiya: mawu oti "miss" kwa olankhula Chiperisiya

Mnzanga wina wa ku Shiraz, yemwe tinkaphunzira naye ku Britain, anandiuza tsiku lina tikumwa tiyi kuti: "I missed my father two years ago." Ine ndinamva ngati akudandaula za kupukwa kwawo. Ndinaseka n'kumuuza kuti asade nkhawa, tchuthi chayandikira, akawaona. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati bambo akewo anamwalira. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandichititsa kufufuza kuti mawu aafupi chonchi angasokoneze bwanji anthu awiri ophunzira.

Gwero la vutoli ndi mneni wa Chiperisiya, az dast dâdan. Tikamumasula, az ndi "kuchokera", dast ndi "dzanja", dâdan ndi "kupereka": chinthu chachoka m'manja mwako. Munthu wa ku Iran amagwiritsa ntchito mneniyu mwayi ukamudutsa, ndege ikamusiya, komanso m'bale wake akamwalira. Chingerezi chimagawa ntchito imeneyi pakati pa miss ndi lose. Pa mwayi onse awiri amatheka, koma sitima yokusiya ndi miss yekha, ndipo imfa ndi lose yekha. Wophunzira akangoloweza kuti az dast dâdan ndi miss, amanena zomwe ananena mnzangayo. Akaloweza kuti ndi lose, amanena kuti "I lost the train", ndipo womva amadabwa kuti chinthu chachikulu ngati sitima wachitaya pati.

Chovuta n'chakuti "I miss my father" ndi chiganizo cholondola ngakhale bambowo atamwalira. Chimanena za kuwasowa mumtima. Chimene chinasokoneza ndi nthawi yakale ija pamodzi ndi "two years ago", zomwe zinasandutsa kusowako kukhala chochitika cha tsiku limodzi, ngati anapita kukawachingamira n'kusemphana nawo.

Tanthauzo la kusowa munthu ndi limene ndimalikonda kwambiri. Pa Chiperisiya cholankhula amati delam barât tang shode. Del ndi mtima, -am ndi "wanga", barât ndi "chifukwa cha iwe", tang ndi "kuthina", shode ndi "wakhala". Mtima wanga wathina chifukwa cha iwe. Taonani kuti mwininkhani si munthuyo ayi, ndi mtima wake. M'Chingerezi mwininkhani ndi "I", ndipo wosowedwayo ndi pamtherankhani wopanda mperekezi aliyense. N'chifukwa chake mnzangayo nthawi zina ankatsomekapo for, n'kunena kuti "I miss for them": barâ uja akukana kutsala. Komanso shode akusonyeza chinthu chomwe chachitika kale koma zotsatira zake zilipobe, ndiye wophunzira amalemba "I missed you" pamene akutanthauza kuti akukusowa pakali pano. Ife sitingamuseke. "Ndakusowa" wathuyu ali m'nthawi yomweyo, ndipo mauthenga a "I missed you" ochokera kwa anthu amene sitinakumanebe nawo timawalandira ndithu.

Pali mawu enanso amene mtanthauziramawu sangakuthandize nawo: jât khâli bud, "malo ako anali opanda munthu". Amauza munthu amene sanapezeke pa ukwati, paulendo kapena pa chakudya chokoma. Yankho lake lokhazikika ndi dustân be jâ-ye mâ, "abwenzi m'malo mwathu". Wophunzira amafuna kuwamasulira ndi miss, koma apa pali msampha. "We missed you" akufanana nawo. "You missed it" kapena "you missed out" akhoza kumveka ngati kukutola: udziwone, zakudutsa. Jât khâli alibe mnyozo ngakhale pang'ono, ndiye kusinthanitsa mwininkhani kokhako kumasandutsa ulemu kukhala chipongwe.

Za basi ndi sitima si zovuta kwenikweni. Kupatula az dast dâdan, amati jâ mândam, "ndatsala", kapena naresidam, "sindinafike". Ife timati "basi yandisiya", mlandu n'kuupereka kwa basiyo. Mngerezi amadziika yekha patsogolo. Mpira kapena chipolopolo chikaphonya, Chiperisiya chimati be hadaf nakhord, kwenikweni "sichinadye chandamale", poti khordan, "kudya", amatanthauzanso kugunda. Pa foni mawu a Chingerezi analowa okha: mis-kâl amamveka ku Tehran pambali pa tak-zang, "kulira kumodzi", komwe ife timati kuflasha.

Missing ali ndi kulemera kwake. Kiyi wosowa ndi gom shode. Koma munthu amene sakudziwika komwe ali, m'zolemba ndi m'nkhani amati mafqud, ndipo mafqud-ol-asar, "wosowa wopanda chizindikiro", ndi mawu amene mabanja a ku Iran amawadziwa bwino kuchokera pa nkhondo ya dzikolo ndi Iraq ya 1980 mpaka 1988. Womasulira amene angaike gom shode pa msilikali wamuyesa chikwama.

Tsono pali Miss wa chilembo chachikulu, yemwe si m'bale wa mneniyu n'komwe. Mneni anachokera ku missan wa Chingerezi chakale, pamene Miss ndi chidule cha mistress cha m'zaka za m'ma 1600. Chiperisiya cha tsiku ndi tsiku chili ndi khânom, yemwe ndi wa mkazi aliyense, wokwatiwa ndi wosakwatiwa yemwe. Dushize, "namwali", alipo, koma amamveka makamaka pa mwambo womanga ukwati. Akazi a ku Iran sasinthanso dzina la bambo awo akakwatiwa, ndiye dzina silikuuza kanthu. Wophunzira amatenga Miss ngati khânom wa Chingerezi, n'kulemba "Dear Miss" kwa pulofesa wa zaka 60, iye akuti akupereka ulemu. Mnzanga uja anachitapo zimenezi pa imelo yopempha kuti amuwonjezere masiku operekera ntchito. Ndinamusinthira n'kuikapo "Dear Professor" asanaitumize, mwina pofuna kulipira ngongole ya tiyi uja.