Bawuti ya lero ikaniranji galimoto ya makedzana?

Ana inu, ku Johannesburg, komwe ambiri timangoti ku Joni, kuli nyumba yosungiramo galimoto zakale yotchedwa James Hall Museum of Transport. Ili mumsewu wa Rosettenville, kufupi ndi dziwe la Wemmer Pan, ndipo idatsegulidwa mu 1964. Muli ngolo za ng'ombe, mabasi, galimoto zozimitsira moto, ngakhale kagalimoto ka Clement-Panhard ka m'chaka cha 1900. Tsono bawuti imodzi ya galimoto yotere ikadyeka ndi dzimbiri, kodi makaniko angangothamangira kusitolo n'kukagula ina? Ayi ndithu, akhoza kubwerako ndi yosalowa.

Tolani bawuti muiyang'anitsitse. Timizere tozungulira tija timatchedwa mazinga, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Kalekale ku England fakitale iliyonse inkadula mazinga momwe yafunira, moti nati ya uyu sinkalowa pa bawuti ya uyo. Mu 1841 mmisiri wina, Joseph Whitworth, adakonza muyezo umodzi woti onse azitsata, mazinga ake otseguka madigiri 55. Mu 1864 William Sellers wa ku America adabwera ndi wake wa madigiri 60. Afalansa ndi Ajeremani nawo ankayeza zawo m'mamilimita, osati m'mainchi. Galimoto za mayiko onsewa zidadzakumana m'misewu ya ku Joni, iliyonse ndi mabawuti akwawo.

Pano ndiye pali msampha. Bawuti ya Whitworth yonenepa theka la inchi ili ndi mazinga 12 pa inchi iliyonse, pomwe inzake ya ku America yonenepa chimodzimodzi ili ndi 13. Ndi maso simungasiyanitse. Nati imayamba kulowa bwinobwino, kamodzi, kawiri, kenako gwa! Makaniko wopupuluma amati ndi dzimbiri, n'kukoka sipanala mwamphamvu, mazinga onse n'kuphwasuka. Zikachitika pabowo la mu injini momwe, ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya tsiku lonse. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayamba wawerenga mazinga ndi kachitsulo ka mano ngati a chipeso, ndipo nati amayamba kuimanga ndi zala, sipanala pambuyo.

Zoseketsa zidachitika ku kampani yopanga galimoto ya Morris. Mu 1923 idagula fakitale ya injini mumzinda wa Coventry kwa kampani ya Afalansa yotchedwa Hotchkiss. Makina a m'fakitalemo ankadula mazinga a mamilimita, koma amakaniko a ku England anali ndi masipanala a Whitworth okhaokha. Mudziwa zomwe adachita? Adapanga mabawuti a mazinga achifalansa, mitu yake yachingerezi! Mpaka lero wokonza galimoto yakale ya injini zimenezi amakanda nazo mutu.

Mutu wa bawuti umanenanso za mphamvu zake. Mukaona 8.8 kapena 10.9, imeneyo ndi ya mamilimita, ndipo 10.9 ndiyo yolimba kuposa inzakeyo. Za ku America zimakhala ndi timizere, titatu kapena tisanu n'kamodzi. Pa mabuleki ndi pa chiwongolero, bawuti yofewa ndi ngozi, ingawale chotani.

Palinso mabawuti ena a mazinga obwerera. Pa galimoto zambiri zakale za Chrysler, manati a matayala akumanzere ankamangidwa popotokolera kumanzere, ndipo ankadindapo chilembo cha L kuti munthu asathyole bawuti poyesa kumasula. Izi mukhoza kudzionera osafika ku Joni. Pemphani wa kabaza kapena achimwene anu akuonetseni pedulo yakumanzere ya njinga: nthawi zambiri pamakhala L, ndipo imamasuka mukapotokolera kumanja.