Tiwauze amayi zoona zake za lupu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa tsamba lathu lino pa nkhani imene ambiri amainong'onezana ku chitsime ndi ku chigayo koma pagulu amaiopa. Nkhani yake ndi ya lupu, njira yolerera ija imene anamwino amaika m'chiberekero. Ine ndine mayi wachikulire, ndinaphunzitsa ku pulaimale zaka zoposa 30 ndipo ndinapuma ndili mphunzitsi wamkulu. Abusa, ansembe ndi mashehe amene mumawerenga tsamba lino mundikhululukire ngati mawu ena alemera, ndayesetsa kuwaveka nsalu.

Chandilembetsa n'chakuti amayi athu amamva za lupu kuchokera mbali ziwiri, ndipo palibe mbali imene imawauza zonse. Kumudzi amauzidwa kuti lupu imayenda m'thupi mpaka kukafika ku mtima, kuti imawoletsa chiberekero, kuti imabaya abambo. Ku chipatala nako anamwino ena, potopa ndi mzere, amangoti, "Gonani apa mayi, sizipweteka." Tsono mayi akamva kupweteka atauzidwa kuti sizipweteka, amakauza anzake kuti achipatala ndi abodza, ndipo mphekesera zija zimapeza pomera.

Kulera kunaloledwanso m'zipatala zathu mu 1982. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mayi wa m'Malawi amabereka ana pafupifupi 7, koma pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa ana 4 kapena 5. Mu kafukufuku wachiwiriyu, amayi apabanja 30 mwa 100 alionse anali pa jakisoni, pamene a lupu anali m'modzi yekha mwa 100. Chonsecho jakisoni amafuna kuti mayi azibayitsa miyezi itatu iliyonse, dzinja ndi malimwe, mitsinje itadzaza kapena ayi.

Lupu ndi kapulasitiki kooneka ngati chilembo cha T, kofupikirapo poyerekeza ndi kamtengo ka machesi, ndipo kumunsi kwake kuli timaulusi tiwiri. Zilipo za mitundu iwiri. Yodziwika kwambiri kwathu kuno ndi yokulungidwa ndi kawaya ka kopa. Imeneyi ilibe mankhwala a mahomoni monga a mu jakisoni ndi m'mapiritsi, ndipo imagwira ntchito zaka 10 mpaka 12. Kopayo amafooketsa mbewu ya abambo kuti isakumane ndi dzira la mayi. Vuto lake n'lakuti msambo umachulukirapo, masiku ake amatha kutalika, ndipo cham'mimba chimakula, makamaka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira. Mayi amene magazi ndi ochepa kale m'thupi aganizepo bwino pamenepa. Mtundu wachiwiri uli ndi mankhwala a mahomoni pang'ono, umakhala zaka 5 kapena kuposerapo, ndipo umachepetsa msambo, mwakuti amayi ena amasiyiratu kusamba. Umenewu supezeka paliponse, choncho funsani ngati ulipo. Mitundu yonse iwiri, mwa amayi 100 amene aikitsa, wotenga pakati m'chaka choyamba sakwana ndi m'modzi yemwe. Ikachotsedwa mayi angathe kuima mwezi womwewo, pamene jakisoni amachedwetsa miyezi ingapo.

Tsopano ndinene za tsiku loikitsa, popeza ndi pamene pagona mantha. Ine ndinaikitsa ya kopa mu 1996, mwana wanga wachisanu atayamba kuyenda, ndipo ndinakhala nayo zaka 10. Anamwino amayamba ndi mafunso: munasamba liti komaliza, kodi muli ndi zilonda kapena chikazi chachilendo, kodi mumataya magazi popanda chifukwa. Yankhani zoona, chifukwa mayi woyembekezera, wodwala chinzonono chimene sichinachizidwe, kapena wodwala khansa ya khomo la chiberekero saikidwa lupu. Kenaka amakugonekani chagada n'kulowetsa kachipangizo kotsegula njira kuti aone khomo la chiberekero. Apa chimene chimavuta ndi kuzizira kwa chitsulo ndi manyazi, osati ululu. Ululu umayamba akamagwira khomolo ndi kopanira. Zimamveka ngati wina wakutsinani mwamphamvu mkati mwenimweni. Akamalowetsa kandodo kowonda koyezera kuya kwa chiberekero, cham'mimba chimagwira mwadzidzidzi, ndipo chimabweranso kachiwiri pamene lupuyo ikulowa. Ine ndinaluma nsalu, thukuta linatuluka pamphumi, koma ndisanamalize kuwerenga mpaka 60 chinali chitayamba kuzilala. Ntchito yonse sinakwane mphindi 10.

Koma thupi langa si thupi la wina. Amayi amene anaberekapo m'njira ya chibadwa kawirikawiri amamva pang'ono, ena amadabwa kuti zatha kale. Amene sanaberekepo ambiri amamva kupweteka kwenikweni, ena amachita chizungulire, nseru, ngakhale kukomoka kwa kanthawi. Izi si zamanyazi ndipo si ulesi. Ngakhale ku America, bungwe loona za matenda la CDC linalangiza madokotala mu 2024 kuti azikambirana ndi mayi aliyense za ululu umenewu asanayambe, ndi kumufotokozera za mankhwala ochititsa dzanzi. Mayi wa kumudzi nayenso ali ndi ufulu wofunsa kuti, "Kodi mundichita chiyani, ndipo pali chochepetsa ululu?" Ali ndi ufulu wonena kuti ayambe aima kaye. Safunsa anadya phula.

Tsiku limenelo mayi adye asananyamuke, atenge nsalu ya kumwezi chifukwa timagazi timadontha, ndipo ngati ulendo ndi wautali apite ndi mnzake kapena bambo wa kunyumba ndi njinga. Khasu ndi mtondo zidikire mawa. Cham'mimba chimapitirira masiku angapo ndipo panado kapena bulufeni amathandiza. Woyamwitsa angathe kuikitsa, ndipo mkaka suuma. Amaika pasanathe masiku awiri mayi atachira, apo ayi amadikira masabata anayi. Mayi amene ali ndi HIV, akumwa ma ARV ndipo thupi lili bwino, nayenso amaloledwa. Komabe lupu siteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana.

Za kuyenda mpaka ku mtima ndi nthano chabe, kulibe msewu wochoka m'chiberekero kupita kumeneko. Zimene zimachitikadi ndi ziwiri. Kwa amayi ochepa lupu imatuluka yokha, makamaka m'miyezi yoyamba pa nthawi ya msambo. Ndipo kwa mayi pafupifupi m'modzi mwa 1,000 imaboola khoma la chiberekero pa nthawi yoika, n'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya anamwino ndi madokotala ophunzitsidwa okha. Abambo amene mukudandaula za kubaya, ndi timaulusi tija, timafewa pakapita nthawi, ndipo ngati tikusowetsani mtendere anamwino amatha kutidula. Si chifukwa chothamangitsira mkazi kwawo.

Kwa inu atsogoleri a mipingo, ndikudziwa kuti ziphunzitso zimasiyana. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kulera kwa chilengedwe ndipo sulola lupu, pamene mipingo ina imasiyira banja kuti lisankhe. Ine sindikupempha wina kusintha chiphunzitso chake. Pempho langa n'lakuti poletsa muziletsa ndi chiphunzitsocho, osati ndi nkhani za mtima ndi kuwola kwa chiberekero. Mayi amene anaikitsa kale akamva zoterezi pa guwa amabisa, ndipo tsiku limene adzamve zachilendo m'thupi adzaopa kupempha ndalama yoyendera kupita ku chipatala.

Zachilendozo ndi izi: kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'munsi mwa mchombo, chikazi chonunkha, kutaya magazi ochuluka, kudumpha mwezi kwa amene ali ndi ya kopa, kapena kumva kapulasitiki kolimba pa khomo. Mayi akaona chimodzi mwa izi apite ku chipatala tsiku lomwelo. Ngakhale zonse zili bwino, akaonekerenso pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndipo ali komweko apemphe kuti amuyezenso khansa ya khomo la chiberekero, popeza kachipangizo kotsegula njira ndi komweko.

Mayi mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.