Timate Makalata Athu a Masiku Ano

Kale, palibe amene ankaponya kalata m'bokosi la positi asanamate envelopu. Sikuti tinkabisa choipa, koma tinkadziwa kuti za m'banja n'za m'banja. Lero makalata athu analowa m'foni, ndipo ambiri a ife tinaleka kumata.

M'chaka cha 2018 zinaululika kuti kampani ya ku Britain, Cambridge Analytica, inakolola mbiri za anthu okwana mpaka 87 miliyoni pa Facebook, ambiri a iwo osadziwa, n'cholinga chokopa ovota pa zisankho. Facebook yomweyo ndiyo inagula WhatsApp mu 2014. Zoonadi, chiyambire 2016 WhatsApp imatseka mauthenga kuti mlendo asawawerenge. Komabe eni ake amasunga nambala zathu, mtundu wa foni, ndi nthawi imene timalankhula. Uthenga wamba wa SMS ndiye ulibe loko wotere n'komwe.

Ilipo njira ina yotchedwa Signal. Imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu limene linakhazikitsidwa mu 2018, ndipo siyitsatsa malonda. Pamene makhoti a ku America anafuna mbiri za ena oigwiritsa ntchito, bungweli linangopereka tsiku limene munthu analembetsa ndi tsiku lomaliza kulumikizika, pakuti zina silisunga.

Vuto lake ndi ili: Signal imafuna kuti wotumiza ndi wolandira onse akhale nayo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Tsono ntchito yaikulu ndiyo kukopa abale athu, ndipo kuopseza kapena kunyoza sikukopa munthu.

Wina akanena kuti, "Ine ndilibe chobisa," timfunse mofatsa ngati angalole kuti matenda a mkazi wake, ngongole zake, kapena zithunzi za ana ake zikhomedwe pamtengo wa pamsika. Tisamuumirize kufufuta WhatsApp. Ziwirizi zikhoza kukhala m'foni imodzi. Tiyambe ndi gulu limodzi lokha, la pabanja pathu, kumene timakambirana za matenda, maliro ndi ndalama.

Inu achinyamata, khalani pansi ndi makolo, muwaikire Signal, muwatumizire uthenga woyamba muli pomwepo, ndipo akaiwala mubwereze mosanyinyirika. Inu makolo, musachite manyazi kuphunzitsidwa ndi mwana wanu. Ena adzazengereza miyezi ingapo. Tiwadikire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.