Kusula Amisiri a Mapulogalamu a Kompyuta pa Nthawi ya Tchuthi

Chaka ndi chaka, mwezi wa Meyi ukayandikira, achinyamata ambiri m'maiko osiyanasiyana amadikira, mtima uli m'mwamba, mndandanda wa maina umene kampani ya Google ya ku America imatulutsa. Amene maina awo atuluka amakhala pafupifupi miyezi itatu akulemba mapulogalamu a kompyuta ali kwawo, motsogozedwa ndi mlangizi amene mwina sadzaonana naye maso ndi maso, ndipo amalandirapo ndalama. Dongosolo limeneli limatchedwa Google Summer of Code ndipo lidayamba m'chaka cha 2005.

Omvera wailesi adazolowera mawu akuti pulogalamu m'tanthauzo lina. Pa nkhani ya kompyuta, pulogalamu ndi malangizo olembedwa mzere ndi mzere amene amauza makinawo zochita, ndipo amisiri ake amatcha zolembedwazo kuti khodi. Makampani ambiri amabisa khodi yawo monga momwe sing'anga amabisira mtengo umene adakumbako muzu. Wogula amaloledwa kugwiritsa ntchito pulogalamuyo, koma saloledwa kuona m'kati mwake kapena kuikonza. Pali mtundu winanso wa mapulogalamu amene khodi yake imaikidwa poyera kuti aliyense aiwerenge, aikonze ndi kugawirako anzake. Richard Stallman adayambitsa ntchito yotere yotchedwa GNU m'chaka cha 1983, ndipo mu 1991 Linus Torvalds, amene adali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adatulutsa Linux. Dzina lakuti open source lidatchuka kuyambira 1998. Munthu aliyense amene ali ndi foni ya Android m'thumba wanyamula chipatso cha ntchito ya wophunzira wa ku Finland uja, pakuti Android idamangidwa pa maziko a Linux.

Komatu mapulogalamu oterewa ali ngati dimba la mudzi wonse: otchola ndiwo ndi ambiri, othirira ndi opalira ndi owerengeka. Mapulogalamu ena amene mabanki, zipatala ndi maboma amadalira amasamalidwa ndi anthu awiri kapena atatu okha, amene amagwira ntchitoyo usiku ataweruka ku ntchito yawo yolipidwa. Anthu amenewa amatopa, amadwala, amakalamba. Funso limene limawasowetsa tulo ndi lakuti adzasiyira yani ntchitoyo.

Apa ndi pamene panagona phindu lenileni la Google Summer of Code. Maganizo ake adachokera kwa Larry Page, mmodzi mwa anthu awiri amene adayambitsa kampaniyo. Iye adaona kuti ophunzira za kompyuta amathera tchuthi chawo chachitali pa maganyu osakhudzana konse ndi maphunziro awo, chifukwa chofuna ndalama. Bwanji osawalipira kuti alembe khodi imene dziko lonse lingapindule nayo? M'chaka choyambacho ophunzira pafupifupi 400 adalandiridwa, ndipo amene adamaliza bwino adalandira madola 4,500 a ku America aliyense, pamene gulu limene lidamuyang'anira lidalandira madola 500.

Kayendetsedwe kake ndi kotere. Kumayambiriro kwa chaka, magulu osamalira mapulogalamu aja amapempha kuti alowe nawo m'dongosololi, ndipo gulu lililonse limalemba ntchito zimene likufuna kuti zigwiridwe. Wophunzira amasankha gulu, nalemba chikalata chofotokoza chimene adzachite, njira imene adzatsate ndiponso zimene adzakhale atamaliza sabata iliyonse. Osankha wophunzira si a Google ayi, koma eni gululo. A Google amangonena kuchuluka kwa malo amene gulu lililonse lapatsidwa. Choncho wanzeru sadikira tsiku lotumiza chikalata. Amayamba msanga kulonjera anthu a m'gulumo, kufunsa mafunso, ndi kukonza tizolakwika ting'onoting'ono m'pulogalamuyo, kuti pofika nthawi yosankha, dzina lake lisakhale lachilendo.

Wosankhidwa sayamba ntchito nthawi yomweyo. Pamakhala masabata angapo ongozolowerana, pamene iye amaphunzira miyambo ya gululo: kalembedwe kamene amakonda, munthu woyenera kumufunsa chakuti, ndi njira yoperekera ntchito kuti iwunikidwe. Kenaka ntchito imayamba, ndipo kawirikawiri imatenga masabata 12. Pakati pa nyengoyi mlangizi amapereka chigamulo ngati wophunzira akuyenda bwino, ndipo pamapeto amaperekanso china. Ndalama zimaperekedwa m'zigawo potsatira zigamulozi, ndipo wolephera salandira zotsalazo.

Munthu wofunika kumuyang'anitsitsa m'nkhani yonseyi ndi mlangizi. Wophunzira amalipidwa, koma mlangizi kawirikawiri amangodzipereka. Kunena zoona, ntchito imene wophunzira amalimbana nayo miyezi itatu, mlangizi waluso akadatha kuigwira yekha m'masabata ochepa. Iye amawerenga mzere uliwonse umene wophunzira walemba, nauza mwini wake kuti apa pali bwino, apa pabwerezedwe, apa pangalowere wakuba. Ntchito imodzi ikhoza kubwezedwa kasanu kapena kakhumi isanavomerezedwe, ndipo zonsezi zimachitika poyera, pamene aliyense wa m'gulumo angawerenge. Kwa wachinyamata amene adazolowera kukhoza mayeso m'kalasi, kudzudzulidwa pagulu kotere kumawawa. Komabe ndi m'kubwezedwa m'menemo momwe amaphunzira zimene sukulu siiphunzitsa mokwanira: kuwerenga khodi imene adalemba anthu ena zaka khumi zapitazo, kulemba mwa njira yakuti wobwera m'mbuyo adzamve, ndi kuvomera kulakwa popanda kupsa mtima. Mmisiri wa matabwa amene adayamba wasungapo mwana wophunzira ntchito akudziwa kuti miyezi yoyamba mwanayo amaononga matabwa ambiri kuposa mipando imene amakhoma.

Nanga mlangizi amavutikiranji chonchi? Iye amakhala akubetcha. Chiyembekezo chake ndi chakuti ndalama zikatha mu Ogasiti kapena Seputembala, wophunzirayo sadzachoka, koma adzakhala mmodzi wa osamalira pulogalamuyo. Ambiri amachoka ndithu. Amalemba dzina la Google pa kalata yofunsira ntchito, osadzaonekanso, ndipo nthawi zina amasiya chinthu chosamalizika chimene mlangizi ayenera kuchisenza yekha. Palibe angawadzudzule kwambiri, popeza sadalonjeze kukhala mpaka kalekale. Koma ena amakhala, ndipo patapita zaka ziwiri kapena zitatu iwonso amasanduka alangizi. Gulu likapeza munthu mmodzi wotere, thukuta la zaka zingapo limakhala kuti labwezedwa.

Kufunika kwa munthu wodziwika bwino ndi wodalirika kudaonekera poyera mu Malichi 2024. Katswiri wina wa ku kampani ya Microsoft, Andres Freund, adadabwa kuona kuti kompyuta yake ikuchedwa ndi theka la sekondi pa ntchito ina. Atafufuza adapeza kuti m'pulogalamu yaing'ono yotchedwa XZ Utils, imene imapezeka m'makompyuta ochuluka a Linux, mudabisidwa khomo lachinsinsi lolowera akuba. Amene adalibisa adali munthu wodzitcha Jia Tan, amene kwa zaka zoposa ziwiri adakhala akuthandiza mofatsa mpaka wosamalira pulogalamuyo, amene adali yekha ndi wotopa, adamugawirako ulamuliro. Munthu ameneyu sadabwere kudzera m'dongosolo la ophunzira ayi. Koma nkhaniyi idaonetsa chimene chimachitika pamene mwini dimba watsala yekha: amalandira aliyense wobwera ndi khasu, osafunsa kumene wachokera. Gulu limene limalera ophunzira chaka ndi chaka limakhala ndi anthu angapo amene lidawaona akukula.

Pa nkhani ya ndalama padabuka kusamvana m'chaka cha 2017, pamene Google idaleka kupereka ndalama zofanana kwa onse, niyamba kulipira molingana ndi kukwera mtengo kwa zinthu m'dziko limene wophunzira akukhala. M'chaka cha 2024, ntchito yaikulu idali kulipidwa pakati pa madola 3,000 ndi 6,600. Ena adati n'chilungamo, popeza lendi ya ku Zurich si yofanana ndi ya ku Kampala. Ena adati ntchito yofanana iyenera malipiro ofanana, ndipo mfundo yawo si yopeputsa: kompyuta ilibe mtengo wa anthu osauka, ndipo wophunzira wa kumene magetsi amazimazima ndi kumene intaneti imagulidwa modula amaononga zambiri kuti apereke ntchito yake pa nthawi.

Ngakhale dzina lenilenilo lili ndi tsankho lake. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi nyengo yotentha ndiponso ya tchuthi chachitali ku America ndi ku Ulaya, koma kum'mwera kwa dziko lapansi ndi nthawi yachisanu, ndipo masukulu ambiri amakhala ali m'kati mwa maphunziro. Dongosolo lina lotchedwa Outreachy lidaganizirako za vutoli, ndipo limatenga anthu kawiri pa chaka: kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi kuyambira Disembala mpaka Malichi. Chiyambi chake ndi chochititsa manyazi pang'ono. Mu 2006 gulu la GNOME lidalandira makalata 181 a ophunzira ofuna malo mu Google Summer of Code, ndipo panalibe ngakhale imodzi yochokera kwa mkazi. Eni gululo adakonza dongosolo lapadera la amayi, limene lidakula mpaka lidatenga dzina lakuti Outreachy mu 2015, nililandiranso anthu ena amene amasalidwa pa ntchito za kompyuta.

Google nayo idasintha malamulo ake m'chaka cha 2022. Kuyambira pamenepo munthu sayeneranso kukhala wophunzira wa pa yunivesite. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo amene akungoyamba kumene ntchito zoterezi akhoza kufunsira. Ntchito zidagawidwa kukhala za maola pafupifupi 175 ndi za maola 350, ndipo nthawi ikhoza kutalikitsidwa mpaka masabata 22 kwa amene ali ndi zina zochita.

Zonsezi zingaoneke ngati zakutali, koma zipatso zake zimafika pafupi. Limodzi mwa magulu amene akhala akulandira ophunzira kuyambira 2007 ndi la OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri ya odwala m'zipatala. Idayambitsidwa mu 2004 ndi bungwe la Regenstrief Institute la ku Indiana pamodzi ndi la Partners In Health, ndipo idayamba kugwiritsidwa ntchito ku Eldoret m'dziko la Kenya posamalira anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Ku Malawi, bungwe la Partners In Health, lodziwika ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likuigwiritsa ntchito m'boma la Neno. Tsono namwino akatsegula mbiri ya wodwala pa kompyuta kuti aone tsiku limene adalandira mankhwala komaliza, zikhoza kutheka kuti mizere ina ya khodi imene ikumuthandiza idalembedwa ndi wophunzira wa ku Sri Lanka, ku Cameroon kapena ku Uganda pa tchuthi chake, nibwezedwa kangapo ndi mlangizi wake isanaloledwe kufika m'chipatala.