Kuzizira kwa m'galimoto yakale kuli ndi mtengo wake

Ku Feruka, kunja pang'ono kwa mzinda wa Mutare, n'kumene kumafikira paipi yobweretsa petulo ndi dizilo kuchokera ku doko la Beira ku Mozambique, mtunda wa makilomita pafupifupi 290. Fakitale yoyenga mafuta yomwe inatsegulidwa pamalowa mu 1965 inatsekedwa mu 1966, ndipo mpaka lero Zimbabwe imagula kunja mafuta oyengayenga kale. Choncho lita iliyonse ndi ndalama yopezeka movutikira. Alimi ndi alangizi amene amalakalaka kuika makina oziziritsa mpweya m'magalimoto awo akale, makamaka dzuwa la Okutobala likamaswa mtengo, ayenera kuyamba aganizira mfundo imeneyi.

Makinawa sayenda okha. Mtima wake ndi kompuresa, yomwe imazunguzidwa ndi injini kudzera pa lamba. Ikangoyatsidwa injini imalemedwa, ndipo mafuta amatha msanga, makamaka ngati injiniyo ndi yaing'ono kapena yotopa. Kondensa, yomwe imataya kutentha kochokera m'kati mwa galimoto, imaikidwa kutsogolo kwa radiyeta, motero mphepo yofika pa radiyetayo imakhala itafunda kale. Galimoto yodzaza matumba ikamakwera chitunda cha Christmas Pass, radiyeta yadzimbiri ikhoza kuwira, injini n'kuwonongeka. Ndi chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amayamba waona radiyeta, fani, lamba ndi batire asanamange chitsulo chilichonse chatsopano.

Nkhani ina ndi ya gasi. Magalimoto ambiri opangidwa chaka cha 1994 chisanafike ankagwiritsa ntchito gasi wa R-12, yemwe amawononga mpweya wa ozoni umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Potsatira pangano la Montreal la 1987, mayiko osauka anayenera kusiya gasiyu pofika 2010. M'malo mwake munalowa R-134a, koma awiriwa sasakanizidwa, ndipo aliyense ali ndi oyilo wake. Pofuna kusintha, mapaipi amatsukidwa, timphira totseka m'mfundo ndi fyuluta yoyamwa chinyezi zimasinthidwa, kenaka mpweya wonse umapopedwa kunja gasi watsopano asanathiridwe. Ngati gasi akutha pakangopita masabata ochepa, ndiye kuti pena pake pakudontha. Kumangothira wina n'kutunga madzi ndi dengu.

Choopsa kwambiri ndi kuthira gasi wophikira m'makinawa pofuna kupulumutsa ndalama. Gasi ameneyu amazizira ndithu, koma sachedwa kuyaka, ndipo akadontha pafupi ndi mawaya akhoza kupsereza galimoto ndi anthu omwe.

Alimi adziwenso kuti makinawa amaziziritsa pokhala anthu pokha. Tomato ndi nthochi zopita ku msika wa Sakubva zimatetezeka bwino ponyamuka m'mamawa, kupakira m'makireti olowa mphepo ndi kuphimba katunduyo ndi chinthu chopereka mthunzi. Koma kwa amene amanyamula odwala, amayi oyembekezera kapena ana m'misewu yafumbi, makinawa akhoza kukhala ofunikadi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwini galimoto afunse mtundu wa gasi, aone botolo lake ndi maso, ndipo awerengere mafuta owonjezera a chaka chonse asanatulutse ndalama ya zokolola.